Hedley Verity: katswiri wa kriketi yemwe adapita kunkhondo osabwerako

Lachisanu pa 1 Sepitembala 1939, kunja kukungocha, asilikali a Adolf Hitler adathyola malire n'kulowa m'dziko la Poland ndi akasinja komanso ndege zoponya mabomba. Tsiku lomwelo, pabwalo la m'tauni ya Hove, m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa England, matimu a kriketi a Sussex ndi Yorkshire adali kalikiliki kumalizitsa masewero awo otsekera ligi ya chaka chimenecho.

M'timu ya Yorkshire mudali bambo wina wamtali, wosalankhulalankhula, wa zaka 34, yemwe ankaponya mpira ndi dzanja lamanzere. Dzina lake adali Hedley Verity. Tsikulo iye yekha adatulutsa osewera 7 a Sussex m'kanthawi kochepa, ndipo timu yake idapambana mosavuta.

Aka kadali komaliza kuti mkuluyu asewere mu ligi. Zaka zinayi zisadathe, adamwalira ndi bala la pachifuwa m'chipatala cha ku Italy, ali mkaidi wa pankhondo. Mu ligiyi adasewera zaka khumi zokha, koma zina mwa zomwe adachita palibe yemwe wazifikapo mpaka lero.

Masewero ake ndi otere

Kuno kwathu kriketi ili ndi oitsatira ochepa poyerekeza ndi mpira wamiyendo kapena wamanja, choncho ndi bwino tiyambe tamvetsetsana momwe imakhalira.

Matimu amakhala awiri, iliyonse ya anthu 11. Timu imodzi imaponya kampira kolimba kachikopa, pomwe inayo imamenya kampirako ndi thabwa losemedwa bwino. Womenya amaima kutsogolo kwa timitengo titatu tozikidwa pansi n'kumatiteteza kuti mpira usatigunde. Akaumenya mpirawo n'kuthamanga kukasinthana malo ndi mnzake wa mbali inayo, timu yake imapeza run imodzi. Ma run ndiwo zigoli za masewerowa.

Ntchito ya woponya ndi kutulutsa omenya mmodzimmodzi asadachulukitse ma run. Womenya amatuluka mpira ukagunda timitengo tija, kapena akaumenyera m'mwamba wina n'kuuwakha usadagwe pansi, komanso m'njira zina zingapo. Akatuluka anthu 10, matimu amasinthana ntchito. Timu iliyonse imamenya maulendo awiri, ndipo yomwe yasonkhanitsa ma run ambiri ndiyo imapambana.

Ligi yaikulu ya ku England imatchedwa County Championship. Idakhazikitsidwa mwadongosolo mu 1890 ndipo ikuchitikabe mpaka pano. M'nthawi ya Verity munkapikisana matimu 17 oimira zigawo za England ndi Wales. Ligi inkayamba mu Meyi n'kutha kumayambiriro a Sepitembala, yomwe ndi nyengo yotentha kumeneko, ndipo masewero amodzi ankatenga masiku atatu.

Chinanso chofunika kudziwa n'chakuti kalelo, malo ogwerapo mpira pakati pa bwalo sankawafunditsa mvula ikabwera masewero ali mkati. Mvula ikagwa kenako dzuwa n'kuomba, dothi linkayamba kumata ngati ulimbo. Mpira ukagwa pamenepo unkakhota komanso kudumpha mosayembekezereka. Oponya odziwa kupotokola mpira ndi zala ankakolola kwambiri masiku oterewa, ndipo m'zaka za m'ma 1930 palibe ankamuposa Verity pa luso limeneli.

Mwana wa wogulitsa malasha

Hedley Verity adabadwa pa 18 Meyi 1905 ku Headingley, mumzinda wa Leeds, kufupi ndi bwalo lalikulu la timu ya Yorkshire. Adali chisamba m'banja la ana atatu. Bambo ake ankagwira ntchito ya malasha ndipo pambuyo pake adatsegula bizinesi yawoyawo yoperekera malasha m'makomo mwa anthu. Mayi ake ankaphunzitsa Sande sukulu. Banjali lidasamukira m'mudzi wa Rawdon, kunja kwa Leeds, komwe mnyamatayu adakulira.

Ali ndi zaka 14 adasiya sukulu n'kuyamba kuthandiza bambo ake pa bizinesi ija, koma mtima wake wonse udali ku kriketi. Chomwe ankachilakalaka chidali chimodzi basi: kudzavala chipewa cha duwa loyera, chomwe ndi chizindikiro cha timu ya Yorkshire. Masiku amenewo timuyi inkalola okhawo obadwira m'chigawo cha Yorkshire, koma ngakhale zidali choncho, anyamata olimbirana malo adali ankhaninkhani.

Adayamba ndi timu ya m'mudzi ya Rawdon, kenako mu 1924 adapita ku Horsforth Hall Park. Nthawiyo ankaponya mpira mwaliwiro pang'ono ngati anyamata ena ambiri, ndipo akuluakulu a Yorkshire atamuyesa sadaone chachilendo mwa iye.

Poti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mu 1927 adawolokera m'chigawo choyandikana nacho cha Lancashire kukasewera molipidwa m'timu ya Accrington. Kumeneko zinthu sizidamuyendere. Chaka chotsatira adasamukira ku Middleton, timu ina yaing'ono ya m'chigawo chomwecho.

Ali ku Middleton adatsatira malangizo a akadaulo awiri a Yorkshire, George Hirst ndi Wilfred Rhodes, akuti asiye kudalira liwiro n'kuyamba kupotokola mpira. Kusintha kaponyedwe munthu utakula kale si chinthu chapafupi, chifukwa zala ndi phewa zimakhala zitazolowera kwina. Verity adayambanso kuphunzira ngati mwana, ndipo pofika mu 1929, chaka chomwe adakwatira, adali atasanduka woponya woopsa mu ligi yaing'onoyo.

Kudikira mpando wa mkulu

Vuto lidali lakuti malo omwe iye ankawafuna ku Yorkshire adali ndi mwini wake. Rhodes, yemwenso ankapotokola mpira ndi dzanja lamanzere, adakhala akusewerera timuyi kuyambira mu 1898, Verity asadabadwe n'komwe. Pa moyo wake mkuluyu adatulutsa omenya oposa 4,000, chiwerengero chomwe palibe wina adachifikapo. Timu siinkafuna anthu awiri a kaponyedwe kofanana, choncho wamng'onoyo adayenera kudikira.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Rhodes adalengeza kuti apuma ligi ya 1930 ikatha, ali ndi zaka 52. Apa mwayi udatseguka. Verity adasewerera Yorkshire koyamba pa 21 Meyi 1930, patangotha masiku atatu atakwanitsa zaka 25, msinkhu womwe osewera ambiri amakhala atakhazikika kalekale m'timu.

Sadachedwe kuonetsa zomwe adasunga. Ku Swansea adatulutsa omenya 9 a timu ya Glamorgan paulendo umodzi, iwo atangomupezapo ma run 60. Chakacho adatulutsa omenya 64 onse pamodzi, ndipo pa womenya aliyense ankangopereka ma run 12 ndi kachidutswa. Pa muyeso umenewu palibe woponya wina m'dziko lonselo adamuposa.

Komatu akuluakulu a m'timu sadamulole kutupa mutu. Madzulo masewero akatha, Rhodes ndi mkulu wina wotchedwa Emmott Robinson ankamukhazika pansi n'kumamuwerengera paliponse pomwe waphonya. Zimakambidwa kuti tsiku lina atatulutsa omenya 7 ndi ma run 26 okha, Robinson m'malo momuyamikira adamudzudzula kuti ma run anayi mwa amenewo adawataya mosasamala. Mnyamatayu sankayankha mwano. Ankamvetsera, n'kukakonza mawa lake.

Anthu khumi, ma run khumi

Rhodes atapuma, Verity adatsala yekha pampando, ndipo anthu adadikira kuti aone ngati angaukwane. Yankho lidabwera pa 18 Meyi 1931, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 26. Pabwalo la kwawo ku Headingley adatulutsa omenya onse 10 a Warwickshire yekha, atapereka ma run 36. Kuti woponya mmodzi atulutse timu yonse paulendo umodzi zimachitika mwakamodzikamodzi, ndipo akatswiri ambiri amapuma osazichitapo. Chakacho adatulutsa omenya 188, Yorkshire idatenga ligi, ndipo iye adasankhidwa koyamba m'timu ya dziko la England pomwe inkakumana ndi New Zealand.

Koma tsiku lomwe dzina lake limakumbukiridwa nalo kwambiri ndi la 12 Julayi 1932, pabwalo lomwelo la Headingley. Yorkshire inkalimbana ndi Nottinghamshire, timu yamphamvu yomwe idali ndi oponya aliwiro awiri oopedwa, Harold Larwood ndi Bill Voce. Nottinghamshire idayamba ndi ma run 234. Yorkshire ili pa 163 ndipo anthu 9 atatuluka, chimvula chidadula masewero a tsiku lachiwiri.

M'mawa mwake Yorkshire idasankha kusiyira pomwepo ulendo wake womenya, ngakhale idali kumbuyo ndi ma run 71, n'cholinga choti oponya ake agwiritse ntchito dothi lonyowalo. Poyamba zidaoneka ngati yalakwitsa, chifukwa Nottinghamshire idafika pa ma run 44 popanda wotuluka ngakhale mmodzi. Kenako dzuwa lidaomba, dothi n'kuyamba kumata.

Zomwe zidatsatira anthu sadazikhulupirire. Omenya ankangolowa ndi kutuluka ngati akusinthana pachigayo. Nthawi ina Verity adatulutsa atatu ndi mipira itatu yotsatizana, ndipo 7 mwa iwo adagwa m'mipira 15 yokha. Timu yonse idathera pa ma run 67. Verity adaponya mipira 118, n'kutulutsa anthu onse 10, iwo atangomupezapo ma run 10.

Percy Holmes ndi Herbert Sutcliffe adalowa n'kumenya ma run 139 omwe ankafunika popanda wotuluka, zomwe zidaonetsa kuti bwalolo silidali loipa mwakuti munthu sangamenyepo. Padutsa zaka zoposa 90 tsopano, koma m'masewero apamwamba a kriketi padziko lonse palibe woponya yemwe watulutsapo timu yonse ndi ma run ochepa chonchi.

Chaka chotsatira, 1933, adatulutsa omenya 17 a Essex tsiku limodzi pabwalo la Leyton, pamaulendo awo onse awiri.

Adamugwira pakhosi Bradman

M'zaka zimenezo dziko lonse la kriketi linkanjenjemera ndi dzina limodzi, Don Bradman wa ku Australia, yemwe mpaka lero amatengedwa ngati womenya woposa onse. Oponya ambiri akamuona akulowa m'bwalo ankataya mtima. Verity ankamuwerenga ngati buku.

Adapita ku Australia ndi timu ya England mu 1932 mpaka 1933 motsogozedwa ndi Douglas Jardine. Ulendowu udadzetsa mkangano waukulu chifukwa Jardine adalamula oponya ake aliwiro kulunjikitsa mpira m'thupi la omenya. Ntchito ya Verity kumeneko idali yopanda phokoso: kupanikiza omenya kuti asapeze ma run pomwe aliwirowo akupuma. Iye ankamulemekeza kwambiri Jardine, moti ana ake aamuna awiri adawatcha maina a Rhodes ndi Jardine.

Mu Juni 1934 Australia idabwera pabwalo la Lord's mumzinda wa London. England idamenya ma run 440, ndipo pofika Loweruka madzulo Australia idali pa 192 anthu awiri okha atatuluka, mmodzi mwa iwo Bradman, yemwe Verity adamuwakha yekha ali pa ma run 36. Kumapeto kwa sabatako kudagwa mvula.

Lolemba pa 25 Juni, Verity adatulutsa omenya 14 a Australia tsiku limodzi. Bradman, poona kuti wapanikizika, adayesa kumenya mwamphamvu, mpira n'kukwera m'mwamba, wina n'kuuwakha ali pa ma run 13. M'masewero onsewo Verity adatulutsa anthu 15 ndi ma run 104. England idapambana, ndipo padatenga zaka 75, mpaka mu 2009, kuti idzagonjetsenso Australia pabwalo limeneli.

Pa masewero onse a pakati pa maiko, Verity adamutulutsa Bradman maulendo 8, kuposa woponya wina aliyense.

Chinsinsi chake sichidali mvula yokha. Poti adali wamtali, mpira wake unkadumpha kuposa wa anzake, ndipo ankauponya mofulumirirapo kusiyana ndi opotokola ena. Bwalo likakhala louma ankatha kugwetsa mpira pamalo amodzimodzi kwa maola ambiri mpaka womenya atatopa n'kulakwitsa. Akamenyedwa sankapsa mtima, akatulutsa munthu sankadumphadumpha. Mu 1935, 1936 ndi 1937 adatulutsa omenya oposa 200 chaka chilichonse, ndipo chiwerengero chake chachikulu chidali 216 mu 1936.

Ankaona mtambo ukubwera

Pofika mu 1938 mphekesera za nkhondo zidali ponseponse ku Ulaya. Ambiri ankadzitonthoza kuti atsogoleri agwirizana, koma Verity ankakhulupirira kuti nkhondo ibwera ndithu. Chakacho adakumana ndi mkulu wina wa asilikali a gulu la Green Howards, Arnold Shaw, n'kumufunsa momwe angadzikonzekeretsere. Shaw adamulangiza kuti ayambe kuwerenga mabuku a usilikali.

Kumapeto kwa 1938 timu ya England idanyamuka ulendo wa ku South Africa, ndipo Verity adanyamula mabukuwo. Anzake akamacheza, iye ankakhala pambali n'kumawerenga za kayendetsedwe ka asilikali, monga momwe kale ankaphunzirira kupotokola mpira.

Ulendowu udathera ku Durban mu Malichi 1939 ndi masewero omwe adagwirizana kuti sadzatha mpaka wina atapambana. Adasewera mpaka tsiku lakhumi popanda wopambana, ndipo adangowasiya England ili pa ma run 654, kutatsala 42 kuti ipambane, chifukwa osewera ankayenera kukakwera sitima ya pamadzi ku Cape Town. M'masewero amenewo Verity adaponya mipira 766.

Ligi yotsiriza ya 1939

Ligi ya 1939 idayamba mu Meyi anthu ali ndi nkhawa. Yorkshire idalowa ngati akatswiri a 1937 ndi 1938, ikufuna chikho chachitatu motsatizana. Mtsogoleri wake adali Brian Sellers. Kutsogolo kunkamenya Sutcliffe, yemwe adali ndi zaka 44, ndi mnyamata Len Hutton, yemwe chaka chapitacho adamenya ma run 364 pokumana ndi Australia. Woponya waliwiro adali Bill Bowes, mnzake wapamtima wa Verity.

Chakacho akuluakulu a masewerowa adayesa lamulo latsopano. Mwachizolowezi woponya amaponya mipira 6 motsatizana kenako n'kupatsa mnzake wa mbali inayo, koma mu 1939 adaonjezera kufika pa 8. Lamuloli silidabwererenso mu ligiyi nkhondo itatha.

Mu Juni Verity adasewerera England pokumana ndi West Indies ku Lord's, koma pamasewero otsatira adamusiya. Amenewo adali masewero ake a nambala 40 komanso otsiriza m'timu ya dziko lake. Adabwerera ku Yorkshire n'kupitiriza ntchito yake mwakachetechete. Timuyi idapambana masewero 20 mwa 28 n'kutenganso ligi, Middlesex ili pambuyo pake. Verity adatulutsa omenya 191, pafupifupi ma run 13 pa munthu aliyense, ndipo monga mu 1930, pa muyeso umenewu adali patsogolo pa oponya onse.

Kumapeto kwa Ogasiti zinthu zidafika poipa. Timu ya West Indies idadula ulendo wake n'kukwera sitima kubwerera kwawo. Yorkshire idatsikira ku Hove pa 30 Ogasiti kukasewera masewero ake omaliza. Sussex idamenya ma run 387, mwa iwo 198 a George Cox. Yorkshire idayankha ndi 392, Hutton, Sellers ndi Norman Yardley atapyola 100 aliyense.

Lachisanu m'mawa uthenga wa ku Poland udafika. Masewero ena m'dzikomo adaimitsidwa, ndipo padali maganizo oti a ku Hove nawonso alekeke. Koma masewerowa adali othandizira Jim Parks, wosewera wakale wa Sussex. Mwambo wa nthawiyo udali wakuti wosewera wolipidwa akatumikira timu zaka zambiri, ankapatsidwa ndalama za pakhomo za masewero amodzi kuti zidzamuthandize akapuma. Osewera a Yorkshire adagwirizana zoti amalize, poopa kumudyera masuku pamutu mnzawo.

Mvula idali itagwa, dzuwa lidaomba, ndipo dothi lidamata monga momwe Verity ankafunira. M'mipira 48 adatulutsa omenya 7 ndi ma run 9 okha. Sussex yonse idathera pa 33. Yorkshire idamenya ma run ochepa omwe ankafunika, osewera n'kukwera basi ulendo wautali wobwerera kumpoto. Lamulungu pa 3 Sepitembala dziko la Britain lidalengeza nkhondo ndi Germany, ndipo ligi idaima kwa zaka 6.

M'munda wa tirigu ku Sicily

Verity, bambo wa ana awiri, sadadikire kukakamizidwa. Mu Januwale 1940 adapatsidwa udindo wa ofisala m'gulu la Green Howards lija, ndipo pambuyo pake adakwezedwa kukhala kaputeni. Poyamba ntchito yake idali yophunzitsa asilikali atsopano. Mu 1941 gulu lake lidatumizidwa ku Omagh, ku Northern Ireland, komwe ankaseweranso kriketi akapeza mpata. Mnzake wa ku Yorkshire, Yardley, adali m'gulu lomwelo.

Iyi ndi nkhondo yomwenso idatenga anyamata ambiri a kuno ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles n'kuwapititsa ku Abyssinia, Madagascar ndi Burma. Verity naye idamuyendetsa maiko. Mu 1942 adapita ku India, komwe adadwala kamwazi kwambiri moti thupi lake silidabwererenso mwakale. Kuchoka kumeneko gulu lake lidadutsa ku Persia ndi Syria mpaka ku Egypt.

Mu Julayi 1943 asilikali a Britain, America ndi Canada adatsikira pachilumba cha Sicily, kummwera kwa Italy. Usiku wa pa 19 Julayi gulu la Verity lidalamulidwa kuthira nkhondo asilikali a Germany omwe adakhazikika m'chigwa cha Catania. Adayenda mumdima kudutsa m'minda ya tirigu. Adani adayamba kuomba mfuti ndi mizinga, tirigu n'kugwira moto, ndipo kuwala kwa motowo kudaonetsa poyera pomwe asilikaliwo adali.

Verity adali kutsogolo kwa anyamata ake pomwe adavulazidwa pachifuwa. Ali chigonere adawalimbikitsabe kuti asabwerere m'mbuyo, koma moto wa adani udachuluka ndipo gululo lidakakamizika kubwerera. Iye adatsala pomwepo ndi msilikali yemwe ankamutumikira, ndipo kutacha onse awiri adagwidwa.

Atalandira chithandizo choyamba, adamuwolotsa pamadzi kupita kumtunda kwa Italy, n'kuyenda naye masiku angapo pasitima ya pamtunda, m'nyengo yotentha, mpaka ku Naples, kenako kuchipatala cha asilikali ku Caserta. Kumeneko madokotala adamuchita opaleshoni yochotsa kachidutswa ka nthiti komwe kankatsamira phapo lake. Magazi sadaleke kutuluka, ndipo pa 31 Julayi 1943 adatsikira kulichete ali ndi zaka 38.

Kwawo adangouzidwa kuti wavulala ndipo sakudziwika komwe ali. Uthenga wa imfa yake udafika pa 1 Sepitembala 1943, patatha zaka zinayi ndendende kuchokera tsiku la ku Hove lija.

Zomwe adasiya

M'masewero apamwamba 378 Verity adatulutsa omenya 1,956, ndipo aliyense ankamudyera ma run osakwana 15. M'timu ya England adatulutsa 144. Pa zaka khumi zomwe adasewera, Yorkshire idatenga ligi maulendo 7: mu 1931, 1932, 1933, 1935, 1937, 1938 ndi 1939.

Tikakumbukira kuti Rhodes adasewera mpaka zaka 52, zikuonekeratu kuti munthu wa zaka 34 wa kaponyedwe kotere adali ndi ulendo wautali kutsogolo. Theka la unyamata wake lidathera kudikira mpando, ndipo atangoukhala bwino nkhondo idamuchotsapo. Si iye yekha: Ken Farnes, woponya waliwiro yemwe adasewera naye m'timu ya England, adafa pangozi ya ndege ya asilikali mu 1941. Bowes adagwidwa ku North Africa mu 1942 ndipo adabwerako kundende atawonda, liwiro lake litachepa.

Mu 1945 matimu a Yorkshire ndi Lancashire, omwe ndi adani akalekale pabwalo, adasewera ku Bradford pofuna kusonkhanitsa ndalama zothandizira mkazi ndi ana a malemuyu. Ligi idayambiranso mu 1946 ndipo Yorkshire idaitenganso. Pamalo pa Verity padalowa Arthur Booth, bambo wa zaka 43, yemwe naye adakhala zaka zambiri akudikira mpando womwewo.

Manda a Verity ali ku Caserta, pakati pa manda a asilikali ena a nkhondoyo. Mu 1954 timu ya England ili paulendo wa pamadzi wopita ku Australia, sitima yawo idaima ku Naples. Hutton, yemwe panthawiyo adali mtsogoleri wa timu ya dziko lonse, adatsika pamodzi ndi anzake ena n'kupita ku Caserta. Pamanda a mnzakeyo adaikapo maluwa oyera, chizindikiro cha Yorkshire chomwe mwana wa wogulitsa malasha uja adachidikira mpaka zaka 25 kuti achivale.